Chaka Chimene Mapesi Anakhala ndi Mwini

Kwathu kuno kwa Chisemphere chaka sitichitchula ndi manambala, timachitchula ndi chimene chinatipweteka. Chimene ndikunenachi anzanga amati chaka cha ng'amba. Ine ndimati chaka chimene mapesi anakhala ndi mwini, chifukwa ng'ambayo inandipeza nditagwa kale.

Ndine Mwale wa ngolo. Lero m'ngolomo nkhuku zikuikiramo mazira, koma dzina linakakamira. Ndinali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli. Kapitawo anali wakuda, wamakani, wokoka kumanja. Manyazi anali wofiira, ndipo ukamuyang'ana m'maso ankaweramitsa mutu ngati mkamwini watsopano. Awiriwa ndiwo ankatidyetsa. Chimanga cha m'munda mwathu chinkathera mu Januwale chaka ndi chaka, koma njala sinkalowa m'nyumba, pakuti ngolo inkatuta mitengo ya zigafa zoumitsira fodya ku esiteti, njerwa, mabelo a fodya, odwala, nthawi zina ndi maliro omwe.

Chakudya cha ng'ombe sindinkagula. Kuyambira ndili mwana, anthu akangomaliza kukolola, minda inkakhala ya aliyense. Ng'ombe ya munthu inkalowa m'munda wa mnzake, n'kudya mapesi, n'kusiyamo ndowe. Panalibe wopempha, panalibe wothokoza. Munthu wokaniza mapesi tikanamuyesa wozungulira mutu.

Juni

Kunabwera alangizi a bungwe lina loona za chilengedwe, mtsikana waulemu wake, pa njinga yamoto. Anati nthaka yathu yatopa, ndipo sananame ayi. Anati tisiye kugalauza, tisiye mizere, tisiye kutentha zinyalala. Tiziyala mapesi m'munda monse kuti dzuwa lisawotche nthaka, mvula isakokolole, chinyontho chikhalitse. Ulimi wake dzina lake mtayakhasu. Amayi atangomva dzinalo nthungululu zinalira, pakuti msana wa mayi wa kuno umalidziwa bwino khasu.

Akazi anga, aNabanda, anasankhidwa kukhala mlimi wachitsanzo. Amene amawadziwa sangadabwe. Mayi amene uja akagwira chinthu amagwira ndi manja awiri ndi mano omwe. Alangizi aja anawalonjeza mbewu ndi feteleza, bola munda wathu wa m'mbali mwa msewu uphimbiridwe mpaka dothi lisaoneke. Ine ndinawomba m'manja kuposa onse pabwalopo.

"Tayani khasu, mayi," ndinatero tikubwerera kunyumba. "Mwina mungapeze nthawi yondikanda kumsana."

"Mudzikanda pa goli lanulo," anandiyankha, tonse n'kuseka.

Julayi

Chimene sitinadziwe n'chakuti mapesi a munda umodzi sakwana kufunditsa munda womwewo. Tinayala onse, dothi likusuzumirabe. Alangizi anabwera, n'kupalasa ndi nsapato, n'kuti, "Onjezerani, amayi, apa dzuwa lilowa." Ndiye tinakatenga a munda wathu wakumtunda. Tinatenga a apongozi anga. Tinagulanso kwa Mateyu, tenanti wolimira bwana fodya, wochokera ku Phalombe, amene anali ndi kamunda ka chimanga m'malire mwa esiteti. Mateyu anaseka mpaka kugwira nthiti, ati kwawo akakafotokoza kuti wagulitsa mapesi, adzati fodya wamulowa m'mutu. Tinavula minda itatu kuti tiveke umodzi.

Nanga otuta anali ndani? Kapitawo ndi Manyazi omwewo. Tikamapakira, Manyazi ankatambasula khosi n'kusolola phesi pamulu, aNabanda n'kukuwa, "Bambo a Tadala, ng'ombe yanu ikudya feteleza wanga!" Ndinatenga luzi n'kuzimanga pakamwa zonse ziwiri. Ndinamanga ndekha, ndikuimba mluzu, osaona cholakwika chilichonse.

Kenaka kunamveka mphekesera yoti aliyense wophimbira munda alembedwa pa feteleza waulele. Ha! Mudzi wonse unadzuka. Mapesi anayamba kuunjikidwa pakhomo, ena pamwamba pa zigafa, ena kugulitsidwa pamtolo ngati nkhuni. Kalabu ya alimi inakhazikitsa lamulo loti chiweto chikapezeka m'munda wophimbira, mwini wake alipe chindapusa. Ana a mimba imodzi anatukwanizana chifukwa cha mapesi, ine ndikuona ndi maso angawa.

Sepitembala

Tsopano ng'ombe zidye kuti? Dambo lathu kumunsi kwake a esiteti anadzalako bulugamu kalekale, ati pofuna kuti zigafa zisamalize mitengo yachilengedwe. Bulugamuyo anamwa madzi, dambo linauma gwa, ndipo kaudzu kamene kanatsala anthu osowa mapesi anamweta n'kukayala m'minda. Chakuphiri kuli nkhalango ya mudzi imene tinadzala ndi bungwe linanso, ndipo chiweto sichiloledwa kulowamo. Kumadzulo kuli waya wa paki ya nyama zakutchire. Zonsezi n'zabwino, palibe chimene ndingachinyoze. Koma ng'ombe yanga ikayang'ana uku lamulo, ikayang'ana uku lamulo, ndipo lamulo silikhutitsa.

Ndinkazidyetsa m'mbali mwa msewu ndi m'mphepete mwa nkhalango ija, kunja kwa malire, kumene zinkangonyambita fumbi. Ine amene ndinavina pa tsiku lodzala mitengo ndinayamba kukwera m'mitengo ya kumtsinje ndi chikwanje, kusadza nthambi kuti zidyeko masamba. Sindinali ndekha. Aliyense wa ng'ombe ankachita zomwezo, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi mitengo ya kumtsinje inangotsala zibuthu.

Tsiku lina osaka mbewa anayatsa moto kutchire, mphepo n'kuutengera m'munda wophimbira wa mnzathu wina. Mapesi ouma aja anangoti lawilawi, psiti. Ndinaima pamsewu ndi ng'ombe zanga zanjala, tikuonerera chakudya cha mwezi wathunthu chikukwera kumwamba. Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Okutobala

Linunda la Kapitawo linagwera kumbali. Manyazi nthiti zinkawerengeka uli patali. Ngolo ya njerwa imene kale ankaikoka akusewera, tsopano ankaima nayo pachitunda, miyendo ikunjenjemera. Ndinawapeza aNabanda akupeta pakhonde.

"Mayi, ndipatseniko ngolo imodzi yokha ya mapesi. Titenge chakumapeto uko, kumene alendo safikako."

"Bambo a Tadala, alangizi amayenda ngodya zonse. Akaona dothi, feteleza uja apatsa wina. Nkhokwe mwaiona?"

"Ndaiona. Nanga nthiti za Manyazi mwaziona?"

"Ndaziona, musandiyese mfiti. Koma ine ndinabala ana, sindinabale ng'ombe. Mvula ili pafupi, zipirire pang'ono."

"Anawo amadya thukuta la ng'ombe zomwezo!"

"Ndiye mukufuna ndichite manyazi pamaso pa mudzi wonse? Ine wophunzitsa anzanga, ndiyambe ndine kufukula?"

"Mtayakhasu wanuyu asanduka mtayang'ombe, muona."

Anaika lichero pansi n'kulowa m'nyumba. Masiku angapo tinkalankhulana kudzera mwa ana. Koma ndinene zoona, mayi uja si wouma mtima. Akabwera kuchigayo, madeya amene ankasungira nkhuku ankakawathira m'khola mwakachetechete, poganiza kuti sindikuona. Kungoti madeya a m'lichero limodzi ku ng'ombe ziwiri n'kungozikumbutsa njala.

Novembala

Mvula inagwa bwino. ANabanda anadzala ndi chingwe ndi kamtengo koboolera, osagwira khasu, anthu odutsa pamsewu akuima n'kumaonerera. Msipu unaphuka. Kapitawo anayamba kubwerera m'thupi, koma Manyazi ayi. Ankadya pang'ono n'kuima ndwii, osabzikula, mimba ili tuu koma thupi likutha.

M'mawa wina anatsetsereka m'matope kudambo n'kulephera kudzuka. Tinasonkhana amuna, tinamulowetsa mitengo kumimba, tinamuimika. Titangochotsa mitengo anagwanso. Mnzanga wina anandikokera pambali n'kuti, "AMwale, itanani Che Amidu nthawi isanathe." Kuno ng'ombe ikafika pamenepo timathamangira Msilamu kuti adzaizinge isanafe yokha, kuti nyama yake adye aliyense, igulike ndi kumsika komwe. Che Amidu ndi amene ali ndi butchala pa sitolo zathu, ndipo ngolo yanga inawatutirapo katundu zaka zambiri.

Anabwera pa njinga, anavula nsapato, anayang'ana ng'ombe, n'kundiyang'ana ine. "Achimwene, pitani mukaime kuseri kwa chulu uko." Ndinapita. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinalira ngati mwana kuseri kwa chulu chija.

Atang'amba chifu anandiitana. "AMwale, tabwerani muone. Ng'ombe iyi si matenda ayi." M'chifumo munali chimpira chakuda cholimba, chachikulu ngati dzungu. Anachimatula ndi mpeni. Anali machubu, timapulasitiki takuda tija timene mbande za mitengo zimakuliramo ku nazale. Pa tsiku lodzala nkhalango tinkang'amba machubuwo n'kutaya pomwepo, tikuimba nyimbo za mitengo. Mphepo inawakankhira m'mphepete, m'mene ine ndinkadyetsa ng'ombe zanga, ndipo Manyazi pa njala yake anawatola limodzilimodzi.

ANabanda anali pomwepo ndi beseni. Anayang'ana machubu aja, n'kubwerera kunyumba beseni lili lopanda kanthu. Nyamayo inalibe ndi futa lomwe, ndipo ndalama ya imene inagulika sinakwane ngakhale mtengo wa thole.

Januwale

Mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Kumwamba kunangoti mbee, dzuwa likuswa mtengo, sabata kulowa sabata. Munda wathu wakumtunda, wa apongozi ndi wa Mateyu, minda ija tinaivula, chimanga chinapota masamba ngati anyezi, dothi lili mbuu. Koma munda wa m'mbali mwa msewu unali biriwiri. Ukapisa dzanja pansi pa mapesi, dothi lili lozizira, lonyowa. Alangizi aja sananame ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi ndi zimene zinkandipweteka koposa. Akanakhala kuti ananama, bwenzi ndili ndi womutukwana.

Nkhokwe inatha nthawi yake yomwe ija, koma ulendo uno ngolo inali itagona. Goli ndi la awiri. Ndinayesa kumuphatikiza Kapitawo ndi ng'ombe ya mnzanga amenenso yake ina inafa, koma zonse zinali zozolowera kumanja. Tikaika Kapitawo kumanzere, ankapotoza khosi, kugwada, kukokera ngolo m'ngalande. Tinayesa mpaka tinatopa.

Mtengo wa chimanga unkakwera m'mawa ndi madzulo. Mavenda anasiya kugulitsa pa ndowa, anayamba pa chigoba, kenaka pa kambale. Mbuzi yathunthu inkapita ndi chimanga chosenza mwana. Madeya amene tinkathira nkhuku anakhala chakudya cha anthu, ndipo kuchigayo ankachita kulimbirana. Ku esiteti bwana anachepetsa phoso la matenanti, ati fodya wapserera. Mateyu anabwera pakhomo panga ndi khasu paphewa kudzafuna ganyu, ine amene ndinkafunanso ganyu.

"Bambo," anatero akuyang'ana munda wa aNabanda, "kodi mapesi anga aja ndi amene akuchita zimenezi?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye ndinagulitsa mvula yanga, eti?" Anaseka, koma osati ngati tsiku lija. Mwezi usanathe anathawa pa esiteti ndi banja lake, fodya ali m'munda.

Febuluwale

Mvula inabwerera, koma kwa ambiri inabwerera pa maliro. Ife tinkadya kamodzi, madzulo, phala la madeya ndi nkhwani. Tadala, mwana wathu woyamba, anasiya kupita kusukulu, ati m'kalasi maso akuchita chidima. Kunkamveka zoti kubwera chimanga chothandiza, lero ati chili pa boma, mawa ati ndi cha okalamba okha. Mphekesera ya feteleza waulele ija nayo inathera m'malere, ndipo amene anakanganirana mapesi anayamba kutinena ife, ati tinawapusitsa kuti tidye tokha.

Pakati pa njala imeneyo kunachitika tsiku lachionetsero pamunda wa aNabanda. Kunabwera magalimoto, alendo ovala zipewa, ojambula zithunzi. Chimanga chinali chitabereka ziwiriziwiri. ANabanda anamanga chitenje chatsopano pamimba yopanda kanthu n'kufotokoza bwinobwino, anthu akuwomba m'manja. Ojambula anajambula chimanga, anajambula chikwangwani. Munda wakumtunda, umene unali poonekera pomwepo chimanga chake chili chofiira, palibe anaulozetsa kamera.

Alendo akulowa m'magalimoto, ndinawakokera pambali alangizi aja n'kuwafotokozera za Manyazi, za mapesi, za machubu. Ndinkayembekeza kuti atsutsa, ndipo mawu owabwezera ndinali nditawanola kale. Koma mtsikana uja anangogwira pakamwa.

"Bambo, pepani. Kumaphunziro kwathu anatiuza za nthaka, za mvula, za mitengo. Za ng'ombe sanatiuzeko. Bwanji simunandiuze nthawi ija?"

Nthawi ija ndinkaopa kuti akamva, feteleza apita kwa wina. Nayenso anali ndi omutuma amene ankafuna kuona munda wopanda dothi. Tonse tinkachita zabwino, aliyense akuyang'ana pake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma nyerere zimenezi palibe anaziikamo dala.

Malichi

Chimanga cha pamsewu chinali chisanakhwime, ndipo tinkachilondera chifukwa akuba anali ponseponse. Mwana wathu wamng'ono anayamba kutupa mapazi. ANabanda anandionetsa, anadina ndi chala, chala n'kusiya dzenje. Sananene kuti gulitsani ng'ombe. Mpaka lero sanatchulepo mawu amenewo. Anangondionetsa phazi la mwana n'kundiyang'ana.

Ndinaganiza zambiri. Ndikamusunga Kapitawo mpaka fodya atagulitsidwa, mwina ndidzapeza mnzake wa kumanzere, ngolo n'kudzukanso. Ndikamugulitsa, ndiye kuti za ngolo zatha, pakuti munthu wa msinkhu wanga kugula ng'ombe ziwiri n'kulota. Koma phazi la mwana silidikira msika wa fodya.

Ndinamutsogoza Kapitawo kupita kwa Che Amidu. Njira yonse ankaima pamene tinkaima kale, pachigayo, pageti ya esiteti, pauvuni wa njerwa, kudikira kuti tipakire. Ndinkachita kumukoka. Che Amidu anandipatsa matumba a chimanga, osandinyenga, n'kunena kuti, "Achimwene, iyi sindizinga. Ng'ombe yodziwa goli si ya mpeni." Anaigulitsa kwa bambo wina wa ngolo wa mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Mwana uja anachira, mapazi anaphwa.

Meyi

Tinakolola. Munda wa pamsewu unabereka moti sindinaonepo chibadwire. Wakumtunda tinatolamo zitsononkho zokhala ndi maso owerengeka, apongozi chimodzimodzi. Titaphatikiza zonse n'kugawirako apongozi, nkhokwe inafika pamene imafika chaka chilichonse.

Chimanga cha pamsewu chinali chambiri chosatheka kusenza pamutu. Ngolo zinali zitachepa chaka chimenecho, pakuti si ine ndekha ndinataya ng'ombe, ndiye imene inapezeka ndi ya bambo wa kutsidya uja. Ine Mwale wa ngolo ndinachita hayala ngolo ya mwini. Inatulukira pamsewu ikuyenda mokhotakhota, mwini wake akukwapula ndi kutukwana. Kapitawo anali kumanzere, khosi lili ndi zilonda, msana uli ndi mikwingwirima.

"Ng'ombe munagulitsayi ndi yamwano, aMwale. Ndikungodikira inenepe, ipite ku mpeni."

"Si yamwano, achimwene. Tamasulani, muiike kumanja."

Anang'ung'udza, koma anamasula. Titazisinthanitsa, ndinangoti, "Tiye, Kapitawo," osakweza ndi mawu omwe. Anatsamira pagoli n'kukoka ngolo yodzaza mowongoka mpaka pankhokwe. Titatsitsa chimanga anapotolokera kukhola lake lakale, limene linali litamera bonongwe, ndipo mwini wake anachita kumubweza ndi chikwapu.

Ulendo womaliza, dzuwa litapendeka, tinamaliza kupakira. ANabanda anachoka pamene anaima, analowa pakati pa munda wawo wachitsanzo, anthu odutsa pamsewu akuona. Anafukata mapesi atsopano, a masamba ake, odzaza manja onse awiri, n'kukawaika pamaso pa Kapitawo. Anabwereranso kukatenga ena. Dothi linayamba kuonekera pamene ankatengapo, koma sanatembenuke. Kapitawo ankadya, iwo ataima pambali, dzanja lili pa linunda lake.

Mwini ngolo uja anayang'ana mapesiwo, anayang'ana ine, n'kuyamba kupisa m'thumba monyinyirika.

"Mayi, ine sindinapemphe, koma poti yadya kale, nenani. Mapesiwa ndi ndalama zingati?"

ANabanda anachotsa dzanja pa linunda lija. Anakhala pansi pa mapesi pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Pa maliro a mayi awo okha ndi pamene ndinawaonapo akulira chotero.

"Bwezani ndalama zanu m'thumba, achimwene," ndinatero. "Ingoidikirani imalize."